Makutu a Evelio Anali pa Milomo ya Marleny

Marleny Ocampo anabadwira kuno ku Pradera, kuseri kwa msika, ndipo sanasamukeko. Ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi. Ntchito yake ndi pandebono, timabanzi ta ufa wa chinangwa ndi tchizi, timene amagulitsira pawindo la nyumba yake kuyambira m'mawa mpaka titatha. Anaphunzira kwa amayi ake, amenenso ankagulitsira pawindo lomwelo. Wokanda ufa ndi woyang'anira uvuni ndi mwamuna wake, Evelio. Anakumana kugule Marleny ali ndi zaka makumi awiri, Evelio ali wovina wotchuka mumsewu wonse. Mwana ali naye mmodzi, wamkazi, ndipo ali ku Chile.

Aliyense kuno amamudziwa Marleny ndi lipisitiki. Yofiira psuu. Amapaka asanatereke khofi. Amapaka popita kumaliro, amapaka ngakhale atagona ndi chimfine. Alendo ankayesa ndi matama. Ife tinkadziwa chifukwa chake.

Evelio anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi ziwiri pafakitale ya shuga, pambali pa makina ofinya nzimbe. Masiku amenewo zotseka m'makutu ankapatsa mabwana odzayendera okha. Khutu lamanzere linayamba kufa, lamanja linatsatira, ndipo pofika zaka makumi anayi ndi zisanu munthuyo anali atagontheratu. Tizipangizo tam'makutu anayesa, tinkangomulizira mluzu m'mutu. Tili m'kabati mpaka lero. Sukulu analekera kalasi yachiwiri, n'kupita kukadula nzimbe ndi bambo ake. Dzina lake amalemba, manambala amawerenga, kalata ayi. Chinenero chamanja palibe anamuphunzitsa, ndipo akanachiyankhula ndi ndani?

Chimene anaphunzira ndi kumva ndi maso, poyang'ana milomo. Osati ya aliyense. Amuna a kuno theka ali ndi ndevu zophimba pakamwa, theka linalo amayankhula chotokosera m'mano chili m'kamwa. Wansembe amabisala kuseri kwa maikolofoni. Madokotala amayankhula akuyang'ana kompyuta. Milomo imene Evelio anaidziwa ndi ya mkazi wake: yopyapyala, yothamanga, ya munthu wosasowa chonena. Anaiphunzira chaka ndi chaka mpaka anaidziwa monga munthu adziwira njira ya kumunda kwake.

Choncho Marleny anasanduka makutu a mwamuna wake. Ku Misa ankakhala chopendekeka n'kumabwereza ulaliki ndi milomo yokha, popanda mawu. Ulaliki ukatalika ankaudula, nthawi zina n'kuthiramo zake, ndipo tinkaona Evelio akugwira pakamwa kuti asaseke pamaso pa wansembe. Mpira ukamaulutsidwa pawailesi, Marleny ankaima pakhomo la khitchini, manja ali mbuu ndi ufa, akumuuza amene wagwira mpira ndi amene waphonya. Ku ofesi ya penshoni, kuchipatala, kulikonse, Evelio sankayang'ana woyankhula. Ankayang'ana mkazi wake. Amuna tikamasewera domino pakhonde pawo, wina akanena nthabwala tonse n'kuseka, Evelio ankatembenukira kuwindo. Marleny ankabwereza. Kenako kuseka kwa Evelio kunkabwera kokha, mochedwa, kwamphamvu kuposa kwa tonse chifukwa sadzimva. Ndiye ntchito ya lipisitiki ija inali imeneyo. Mlomo wofiira umaoneka ndi patali.

Zaka zinapita. Milomo ya Marleny inayamba kulowa m'kati, monga imachitira kwa tonsefe, ndipo lipisitiki inkathawira m'timakwinya ta pansi pa mphuno. Maso a Evelio nawo anafuna magalasi okhuthala. Nthawi zina ankati, "Bwerezanso, mija," pamene kale sankabwerezetsa. Mija ndi mmene kuno timaitanira mkazi kapena mtsikana mwachikondi.

Apa ndi pamene Yesenia analowera. Yesenia ndi mwana wa ubatizo wa Marleny. Anamunyamula kutchalitchi ali wa miyezi itatu, ndipo kuno mwana wotero sakanizidwa kanthu. Mayi wa ubatizo timati madrina, bambo wa ubatizo padrino. Ali ndi saluni kuseri kwa siteshoni ya basi: tsitsi, zikhadabo, nsidze. Chaka chatha anapita ku mzinda wa Cali kukaphunzira kubaya milomo kuti izikula. Maphunzirowo anali a Loweruka ndi Lamlungu limodzi. Anabwerako ndi satifiketi ya m'felemu ndi kabokosi ka majakisoni odzadza kale, amene anagula kwa mphunzitsi yemweyo. Chimene ankasowa ndi milomo yoyambirapo, yoti aijambule n'kuika pafoni kuti makasitomala aone. Atsikana otero amayambira pa achibale.

Anafika pawindo Lachiwiri m'mawa.

"Madrina, ndidalitseni."

"Mulungu akudalitse, mija. Wabwera kudzagula kapena kudzadya zaulere?"

"Zaulere ndabweretsa ndine lero. Ndikufuna milomo yanuyo."

"Milomo yanga ili pantchito."

"Ntchito yake iti? Taonani pagalasi, yatha ngati sopo wa m'bafa. Mukamapaka lipisitiki mumangojambula mzera. Padrino akuwerenga bwanji tizilembo tating'ono choncho, ndi maso awo aja? Tiwakulitsireko pang'ono."

"Iwe mwana, ndinakusintha matewera ine."

"Ndiye mukundiopa chiyani? Ndi mankhwala amadzimadzi, madrina. Thupi limamwa lokha pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Mukapanda kuikonda, iphwa yokha. Theka la Cali likuyenda nayo."

Marleny anamuthamangitsa ndi nsalu yopukutira mbale. Koma atatseka windo anaima pagalasi nthawi yaitali. Mawu a tizilembo aja anamukhala mumtima. Anadziuza kuti achitira Evelio. Zinali zoona, koma theka. Theka linalo nali: kwa zaka makumi awiri pakamwa pake panali chida cha munthu wina, ngati wailesi. Ankafuna, kamodzi kokha, munthu ayang'ane milomoyo osati pofuna kudziwa zimene wansembe wanena. Kwa Evelio sanafunseko. Ankafuna kumudabwitsa.

Anapita Lachinayi. Yesenia anapaka zochititsa dzanzi, anabaya kanayi pamwamba ndi kawiri pansi, n'kukandakanda ndi zala. Anajambula zithunzi, cha kutsogolo ndi cha m'mbali. Ola silinakwane.

Evelio atamuona anaika thireyi pansi.

"Zakuluma njuchi?"

Marleny anafotokoza. Evelio anayandikira, anakonza magalasi.

"Bwerezanso, mija."

Anabwereza katatu. Potsiriza anachita ndi dzanja ngati wobaya jakisoni, n'kuloza kumene kuli saluni. Evelio anatola thireyi yake n'kubwerera ku uvuni.

Masiku atatu oyamba milomo inatupa ngati soseji, yodera m'mbali. Yesenia anati ndi mmene zimakhalira, aikepo ayezi. Ndipo zoona, patatha sabata kutupa kunaphwa. Milomo inatsala yodzadza, yosalala. Chilungamo chake, inamukhala. Azimayi pawindo ankati wabwerera m'mbuyo zaka khumi. Woyendetsa galimoto ya gasi, munthu wa msinkhu wa mwana wake, anamuimbira mluzu, ndipo Marleny anamutukwana akumwetulira. Anagula lipisitiki yatsopano.

Koma mlomo wapamwamba unali utalemera. Sunkakwera, sunkapindika. Unkangokhala ngati denga la khonde. Wa makutu sakanadziwa, pakuti mawu ankatuluka bwinobwino. Evelio yekha ndiye anadziwa, ndipo sananene. Anayamba kugwedeza mutu. Marleny akayankhula, iye, "Eya, mija." Akayankhulanso, "Chabwino, mija." Pa domino, nthabwala ikanenedwa, ankayang'ana kuwindo monga kale, n'kuseka. Koma ankaseka msanga, Marleny asanafike kumathero. Ena a ife tinaona zimenezo. Marleny sanaone, kapena sanafune.

Mwezi wachitatu kunabwera timibulu. Tiwiri pamwamba, kamodzi pansi, tolimba ngati nyemba zosaphika. Tinkafiira n'kutentha, kenako n'kugona, kenako n'kuyambiranso. Mbali yamanzere inachita dzanzi, moti khofi ankatsikira pachibwano iye osamva. Yesenia anati azikanda ndi mafuta. Kukandako kunangowonjezera. Marleny anayamba kupaka lipisitiki yokhuthala kuti abise timibuluto, ndipo pogulitsa ankaweramitsa mutu.

Tsiku lina chakumateni koloko m'mawa, mkazi wa Libardo anaimba foni. Libardo anali mnzake wa Evelio wa pafakitale. Anagwira limodzi pamakina omwe aja, ndipo pa domino ndiye ankakhala moyang'anizana naye. Libardoyo anagwa m'bafa, vuto la mtima. Pofika kuchipatala anali atapita.

Marleny anapukuta manja n'kupita ku uvuni. Anamugwira Evelio paphewa, monga amachitira akafuna kuti amuyang'ane. Anaima pamene kuwala kwa pakhomo kumagwera kumaso, n'kunena pang'onopang'ono.

"Evelio, Libardo wamwalira."

Evelio anayang'ana milomo, n'kumwetulira.

"Chabwino, mija."

"Ndati Libardo. Compadre wako, mnzako uja. Wamwalira m'mawa uno."

"Eya, eya. Ndimalize kaye thireyi iyi."

Anatembenuka n'kutsegula uvuni.

Marleny anaima pomwepo. Anakumbukira "chabwino" aliyense wa miyezi itatu ija, mmodzimmodzi. Anaganiza zofotokoza ndi manja, koma imfa ya mnzako sionetsedwa ndi chala pakhosi. Anazimitsa gasi, anatulutsa malaya oyera, n'kumupatsa. Evelio anayang'ana malayawo, anayang'ana mkazi wake, ndipo anavala osafunsa. Anayenda misewu inayi atagwirana dzanja. Atakhota pangodya, Evelio anaona mipando ya pulasitiki itandandalikidwa panja pa nyumba ya Libardo, ndi azimayi ovala zakuda pakhomo. Anaima. Anavula chipewa. Dzanja la mkazi wake analisiya.

Imfa ya mnzake wa zaka makumi anayi anaimvera kwa mipando.

Maliro ataikidwa, awiriwo anakhala kukhitchini masana. Evelio amayankhula mokweza, ndiye mbali yake msewu wonse unaimva.

"Kuyambira tsiku lija sindikukumva. Liwu limodzi pa khumi, mwina. Ndimayang'ana, ndimangoona nyama ikugwedezeka."

Marleny anafunsa, ndi manja ndi maso, chifukwa chimene sananenere.

"Ndinene kuti chiyani? Ndinkakuona ukuimba pagalasi. Zaka makumi awiri sindinakuone ukuimba pagalasi. Ndinati mwina ndizolowera. Sindinazolowere. Mlomo ndi wako, mija, sindikukana. Koma ine khomo lina ndilibe."

Marleny ananena zambiri tsiku limenelo. Anati anatopa kukhala wailesi. Anati naye ndi munthu wamkazi. Anati pepa. Pa zonsezo Evelio sanamvepo n'chimodzi chomwe, ndipo Marleny ankadziwa kuti sakumva, koma ananenabe mpaka anamaliza.

Kuyambira pamenepo Evelio anasiya kunamizira. Anasiyanso domino. Ku Misa ankapita n'kumangoyang'ana makandulo. Mwana wawo akaimba pafoni ya kanema, ankangomubayibitsa n'kubwerera kuseri. Ngakhale mawu ake anayamba kuchepa. Munthu amene samva yankho amasiya kufunsa.

Marleny anakwera basi ya ku Cali, kwa dokotala wina wamkazi wa za khungu. Dokotalayo anagwira timibulu, anaunika ndi makina, n'kufunsa dzina la mankhwala. Marleny anaimbira Yesenia pomwepo.

"Iwe, unandithira chiyani?"

"Omwe aja, madrina, amadzimadzi aja."

"Dzina lake."

"Pabokosi sanalembe. Aphunzitsi anati ndi ochokera kunja."

"Aphunzitsi akowo ali kuti?"

"Nambala yawo sikugwiranso." Yesenia anayamba kulira. "Madrina, inenso ndinadzibaya omwewo."

"Ndiye kwera basi ubwere, chitsiru iwe, adzakuone nawenso. Ulira ukafika."

Dokotala anayesa jakisoni wosungunula. Anati mankhwala enieni amasungunuka m'masiku ochepa. Patatha masabata awiri timibulu tinali pomwepo. Anali mafuta a silikoni. Amenewo, anatero dokotalayo, thupi silimwa ndipo silitaya. Limangowakulunga m'nyama yolimba n'kumalimbana nawo.

"Njira zilipo ziwiri, Doña Marleny. Ndingakupatseni mankhwala oti kutupa kuzigona. Milomo ioneka bwino masiku ambiri, koma kulimbako sikuchoka. Kapena ndicheke kuchokera m'kati, ndichotse zimene ndingathe. Zonse sizituluka. Mlomo udzapyapyala kuposa kale, ndipo mwina udzapendekeka."

"Udzayenda?"

"Kuyenda bwanji?"

"Kugwedezeka. Kukwera, kutsika."

"Kuposa panopa, inde. Ngati kale, sindilonjeza. Ambiri obwera kuno amayamba kufunsa za maonekedwe."

"Ine ndafunsa za kuyenda."

Tisaname kuti anasankha mosavuta. Tsiku la opaleshoni analisuntha kawiri. Sabata imene kutupa kwagona milomoyo inali yokongola ndithu, ndipo mwini wake ankadziwa. Anajambulitsa chithunzi chimodzi atavala diresi yobiriwira. Chili pakhoma pabalaza, ndipo sachita nacho manyazi. Kachitatu anapita.

Anakhala masabata atatu ndi ulusi m'kamwa, akumwa msuzi wa nkhuku ndi kapaipi. Wogulitsa pawindo anali Yesenia, atatseka saluni theka la tsiku. Palibe anamutuma, palibe anamuthokoza. Satifiketi ija anaichotsa pakhoma. Naye ali pamzera wa dokotala yemweyo.

Ulusi utachoka, mlomo wapamwamba unatsala wopyapyala, wokwera pang'ono kumanzere, wolowa pakati. Woyendetsa galimoto ya gasi anasiya mluzu. Azimayi pawindo amayang'ana mabanzi.

Suli mlomo wakale uja, ndipo Evelio anayenera kuyambiranso ngati wa kalasi yoyamba, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu. Masana aliwonse akatseka windo amakhala pakhonde, mipando itayang'anizana, maondo akugundana. Marleny amanyamula chinthu n'kuchitchula. Supuni. Tchizi. Kiyi. Evelio amabwereza. Akalakwa, supuniyo imamugwera pabondo. Masiku oyamba inkagwa kawirikawiri. Zimene zinayamba kubwerera ndi matukwana.

"Wati chiyani? Wati ndine bulu?"

"Limenelo ndiye walimva msanga, nkhalamba iwe!"

"Limenelo ndinalizolowera, mija. Ngakhale utavala mlomo wa bakha ndingalimve."

Panopa patha miyezi isanu ndi iwiri. Amamva mwina mawu asanu ndi limodzi pa khumi. Ulaliki wautali umamuthawa. Mpira wa pawailesi unakanika, umathamanga kwambiri. Marleny akadwala chimfine, kachidutswa kotsala kumanzere kamatupa, ndipo masiku amenewo m'nyumbamo mumayankhula manja okha. Dokotala anati zidzakhala choncho.

Lipisitiki akupakabe, yofiira yomweyo. Poyamba ankayesa kuwongola mzera kuti kupendekeka kusaoneke. Evelio anati akatero amasokonezeka, chifukwa chofiira chimanena zina, mlomo zina. Ndiye tsopano amangotsata mmene mlomo wakhotera.

Sabata yatha Evelio anabwerera pa domino. Pampando wa Libardo pakukhala Don Arbey wosoka nsapato, munthu wa ndevu ngati tsache. Ananena nthabwala ya wansembe ndi mbuzi, tonse tinaseka. Evelio anatembenukira kuwindo. Marleny anabwereza. Evelio anakwinya nkhope. Marleny anabwerezanso pang'onopang'ono. Ife tinali titasakaniza kale madomino, wina atayamba nkhani ya mvula.

"Kumapetoko bwerezanso, mija."

Marleny anatulutsa mutu pawindo, poyera, n'kunena kachitatu. Evelio anayang'anitsitsa. Kenako anaseka, yekha, mokweza, mpaka galu wa kutsidya kwa msewu anauwa.

"Yakalekale imeneyo," anatero akupukuta maso. Analoza Don Arbey ndi domino. "Ndipo inu mwaiwononga, ambuye. Libardo mbuziyo ankaiika m'nsanja ya belu la tchalitchi."

Anamenyetsa domino yake patebulo, n'kutiuza kuti tifulumire.